Fulashi ya Amalume

1. Katundu Wamng'ono

M'chaka cha 2008, sukulu ya sekondale yoyendera imene Falesi Mathero ankaphunzira, pafupi ndi Ndunde, inali pa ubale ndi sukulu ina ya ku Scotland. Aphunzitsi a kumeneko anali atabwerapo kale kudzacheza. Tsopano inali nthawi yoti a kuno nawo akabweze ulendo.

Anasankha ana anayi, ndipo Falesi, wa Fomu 3, anali mmodzi wa iwo. Wowaperekeza anali Mayi Kalinde, mphunzitsi wa Chingerezi.

Nkhaniyo inawanda. Kuchigayo amayi ankamuloza ndi milomo. Kutchalitchi anamuitanira kutsogolo n'kumupempherera. Ana aang'ono ankamutsatira pamsewu akumufunsa ngati m'ndege muli chimbudzi.

Amene anakondwa kuposa onse anali amalume ake, a Vitalis. Iwo anali ndi nyumba ya kanema pamsika wa Ndunde: kachipinda ka mabenchi a bulugamu, wailesi yakanema imodzi, ndi jenereta yolira ngati njinga yamoto. Koma masiku amenewo mabenchi ankakhala opanda anthu. Munthu wina anali atatsegula kanema wake tsidya la msewu, ndipo mafilimu ake anali atsopano.

Ulendo utayandikira, a Vitalis anamuitana Falesi. Anatulutsa jekete lalikulu lofiirira limene anasankha pakaunjika ku Limbe.

"Tavala tione, mphwanga. Kumeneko akuti kumazizira kuposa pamwamba pa phiri la Chiradzulu mu Juni."

Falesi anavala. Linamukwana bwino, manja okha ndiwo anatalika pang'ono.

"Zikomo kwambiri, amalume. Sindinayembekezere."

"Pisa m'thumba lakumanjalo."

Falesi anapisa, n'kutulutsa kanthu kakuda, kotalika ngati chala.

"Imeneyi ndi fulashi, amalume. Ahedi ali nayo, amasungiramo mayeso."

"Eya, wadziwa. Tamvera tsono. Kumene ukupitako intaneti ili ngati madzi a pampopi, nyumba iliyonse ilimo. Kuno munthu umapita ku Limbe, kukhala pakompyuta mpaka msana kuwawa, kanyimbo kamodzi kosatha kutsika. Ukanditsitsireko mafilimu a pa wailesi yakanema, aja otsatizana zigawozigawo, amene kuno sanafike. Ine ndikadzawabena pa madisiki, mnzanga wa tsidyayu adzatseka yekha."

"Koma n'zololedwa zimenezo, amalume?"

A Vitalis anaseka.

"Angakuletse ndani? Zinthuzo zili mumlengalenga. Kodi mphepo ili ndi mwini? Ana a kumeneko amadziwa, ukangowafunsa basi. Koma abambo ako usawauze. Iwo aja za makono sazitsata."

Falesi anayang'ana jekete limene anavala. Kukana kunamuvuta. Anabweza fulashi ija m'thumba.

2. Kudimba

M'mawa wa tsiku lonyamuka, a Mathero anamutenga mwana wawo kupita naye kudimba kukathirira tomato. Amayi ake anadandaula kuti mwana adetsa mapazi, koma bambowo sanamve. Atathirira mizere ingapo, anaika kheni pansi.

"Falesi, khala apo ndikuuze. Ife a Mathero ndife alendo kuyambira kalekale. Makolo athu anachoka ku Mozambiki wapansi, atasenza mphasa ndi mbewu, n'kufika kuno kwa eni. Anavutika pa thangata ku Magomero, koma pakati pa anthu anzawo anakhala bwino chifukwa cha chinthu chimodzi: ankafunsa. Asanadule mtengo ankafunsa mwini wake. Asanatunge pachitsime ankafunsa amene anakumba.

"Iwe ukupita m'nyumba ya munthu amene sakukudziwa. Akakupatsa pogona, akakupatsa mbale. Chilichonse chimene ukachipeze m'nyumbamo chili ndi mwini, ngakhale chitaoneka ngati chotayidwa. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake, ndipo lamulo silimva zoti ine ndine mlendo, sindinkadziwa. Safunsa anadya phula, mwana wanga. Ngati chinthu chakukayikitsa, kamwa uli nalo.

"Chinanso, usaganize kuti ukupita wekha. Kumbuyo kwako kuli ana a Fomu 1 amene akuyembekeza kuti tsiku lina adzakwera nawo ndege. Iwe ukakalakwitsa, azungu ajawo sakanena kuti Falesi walakwa. Akanena kuti ana a ku Ndunde ndi otero. Wamva?"

"Ndamva, abambo."

Falesi anatsala pang'ono kuulula za fulashi. Koma nthawi yomweyo wakabaza amene anapangana naye kuti akamutule kusukulu analiza belu kumsewu, ndipo mpata unapita.

3. Chitseko Chotseka

Ku Scotland ana aja anawagawa m'mabanja. Falesi anakafikira kwa Mayi Helena, namwino woyendera odwala m'makomo. Mayiwo ankakhala ndi mwana wawo mmodzi, Lydia, wa msinkhu wa Falesi. Ankalankhulana m'Chingerezi, ngakhale masiku oyamba Falesi ankangomva theka, chifukwa anthu a kumeneko amalankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa.

Chimene chinamuvuta msanga chinali kusowa njira yolankhulira ndi kwawo. Foni ya Mayi Kalinde inasiya kugwira atangotsika ndege. Iwo anaimbira ahedi pa lamya ya kusukulu kuwauza kuti afika bwino, koma Falesi ankafuna kutumiza mawu akeake.

"Kompyuta yathu ya panyumba ili kokonzetsa," anatero Mayi Helena. "Iyi ukuionayi ndi ya kuntchito, muli nkhani za odwala, ndiye sitiigwiritsa ntchito zina. Loweruka ndikutengera kulaibulale, ukatumize uthenga wako kumeneko."

Lachinayi masana atsikana aja anabwera kuchokera kusukulu, Mayi Helena atapita kukagula zakudya. Falesi povula jekete, fulashi ija inagwa pansi. Lydia anaitola.

"Muli chiyani umu?"

"Mulibe kanthu. Amalume anga anandituma mafilimu a pa wailesi yakanema. Akuti kuno amapezeka pa intaneti."

"Zimenezo zokha? Tiye."

Lydia ananyamula kompyuta ya amayi ake n'kupita nayo kuchipinda chake. Analumikiza waya wa intaneti, analowetsa fulashi, kenako anadzuka n'kukatseka chitseko. Zala zake zinkathamanga. Posakhalitsa panaoneka kamzere kobiriwira kakukula pang'onopang'ono.

"Choyamba ndiikemo kapulogalamu kotsitsira," anatero Lydia. "Kakatha, mafilimu alowa okha."

Falesi anayang'ana kamzere kaja, kenako anayang'ana chitseko.

"Lydia, bwanji watseka chitseko?"

"Amayi salola."

"Salola kompyutayi, kapena salola mafilimuwo?"

"Zonse."

"Ndiye kuti n'zoletsedwa?"

Lydia anakweza mapewa.

"Amati n'zoletsedwa, koma aliyense kusukulu amachita. Ambiri sagwidwa."

"Ambiri? Ndiye kuti ena amagwidwa?"

"Usaope iwe. Taona, kangotsala pang'ono."

"Ayi, leka."

"Dikira kaye kathe."

Falesi sanadziwe batani lozimitsira. Anangogwira waya wa intaneti n'kuuzula, anazulanso fulashi. Kamzere kaja kanaima. Pakompyuta panatuluka bokosi lofiira lokhala ndi mawu ambiri, ndipo ngakhale Lydia anadina paliponse, silinachoke.

Nkhope ya Lydia inafiira. Anatseka kompyuta ija n'kukaibweza pamene inali.

"Usanene chilichonse," anatero.

4. Patebulo la Kukhitchini

Mawa lake atsikana aja anapeza Mayi Helena ali pakhomo nthawi imene amayenera kukhala ali kuntchito. Anali atavala yunifolomu, atakhala patebulo la kukhitchini. Kompyuta panalibe.

"Khalani pansi nonse," anatero. "Lero m'mawa kompyuta yanga inakana kutseguka. Nditapita nayo ku ofesi, anandiuza kuti dzulo masana wina anayesa kuikamo pulogalamu yotsitsira mafilimu mwakuba. Aitenga kuti akaiunike. Ngati mwalowa kachilombo, nkhani za odwala anga zikhoza kukhala kuti zafika kwa anthu osayenera. Andiuza kuti ndiyambe ndakhala kunyumba mpaka adziwe."

Lydia anaweramitsa mutu.

"Lydia, ndikufunsa iwe. Falesi ndi mlendo, nambala yachinsinsi ya kompyuta imeneyi saidziwa."

Palibe amene ankamuganizira Falesi. Akanatha kungokhala chete, nkhani n'kumudutsa pambali. Koma anadzuka pampando, anapisa m'thumba, anaika fulashi patebulo, n'kugwada pansi monga amachitira kwawo.

"Amayi, ndine ndinayambitsa. Amalume anga anandituma mafilimu. Lydia amandithandiza ine. Ndinayenera kukufunsani kaye, koma sindinafunse. Pepani."

Mayi Helena anadzidzimuka.

"Dzuka, mwana iwe, pansipo n'pozizira!"

Pamenepo Lydia anayamba kulira.

"Ndine ndinatenga kompyuta, amayi. Iye anandiuza kuti ndileke, ine ndinakana. Ndiye anazula waya isanathe."

"Anazula isanathe? Ukunena zoona?"

"Zoona."

Mayi Helena anatenga lamya nthawi yomweyo n'kuwauza a ku ofesi zimenezo. Atamaliza, anamugwira Falesi dzanja n'kumukhazika pampando.

"Falesi, mwina amalume ako sadziwa. Filimu iliyonse ili ndi anthu amene anaigwirira ntchito: wolemba, ochita sewero, ojambula, osoka zovala. Amadya kuchokera pamenepo. Malo a pa intaneti amene Lydia anapitawo amagawa ntchito ya anthu amenewo popanda chilolezo chawo. Lamulo limaletsa, ndipo likafuna munthu limayamba ndi mwini nyumba imene intaneti yake inagwiritsidwa ntchito. Mwini nyumba ino ndine. Tsopano ndiyenera kuwadziwitsa aphunzitsi ako."

Mayi Kalinde anafika dzuwa lisanalowe. Anamvetsera zonse, anapepesa kwa Mayi Helena, kenako anamutengera Falesi kuseri kwa nyumba. Kumeneko Chingerezi anachisiya, n'kuyamba Chinyanja chenicheni.

"Falesi, ine ndinakusankha ndekha pakati pa ana onse a Fomu 3. Ena ankati mwana wa kudimba uyu akatichititsa manyazi, ine ndinati ayi. Lero taona pamene watifikitsa. Mayi uyu wakulandira ngati mwana wake, ndiye ntchito yake ithe chifukwa cha kanema wa pa Ndunde?

"Inu ana mumaganiza kuti kuba n'kuthyola chimanga m'munda mwa eni basi. Chinthu ukachitenga osachigwira ndi manja mumati si kuba. Kodi suwaona oimba athu? Munthu amagulitsa mbuzi zake kuti akajambulitse nyimbo ku Blantyre. Sabata isanathe, nyimbo zija zili pamsika pa madisiki obena, aliyense akuvina, mwini wake akuyenda wapansi. Ukamufunsa wobenayo amati sindinabe, ndangokopera. Zimene amalume ako anakutuma n'zomwezo, kungoti eni ake ali kutali, suwaona nkhope.

"Ndipo mkulu akakutuma chinthu n'kunena kuti usawauze abambo ako, dziwa kuti iye mwini akudziwa kuti sichili bwino. Ulemu kwa akulu sutanthauza kunyamula katundu aliyense amene akusenzetsa. Ukanatha kubwera kwa ine, tikanawayankha limodzi.

"Koma chimodzi ndikuyamikira. Unaleka pakati, ndipo lero walankhula pamene ukanatha kubisala kumbuyo kwa mnzako. Chimenecho ndikawauza ahedi pamodzi ndi cholakwa chakocho. Zotsalazo tidikire a ku ofesi."

"Kodi andibweza kumudzi, madamu?"

"Sindikudziwa, mwana wanga. Zikatengera zimene apeze."

5. Yankho

Loweruka m'mawa Falesi analephera kudya. Anatsuka mbale zonse, anasesa khitchini imene inali yosesa kale, kenako anakapinda zovala zake n'kuziika m'chikwama.

Lamya inalira chakumasana. Mayi Helena analankhula nthawi yaitali ali chiimire pawindo, atawafulatira atsikana aja. Atamaliza, anakhala pampando n'kupumira m'mwamba.

"Aiunika yonse. Pulogalamu ija sinathe kulowa, ndipo nkhani za odwala palibe amene wazikhudza. Akuti waya ukanakhala pomwepo kanthawi kena, bwenzi tikukamba zina. Andidzudzula chifukwa chosasunga bwino nambala yachinsinsi, ndipo akunena zoona. Lolemba ndibwerera kuntchito."

Lydia anawakumbatira amayi ake. Falesi anangokhala pansi pomwepo. Misozi imene anaigwira kuyambira dzulo lake inatuluka yokha.

"Ndiye sindipita kumudzi?"

"Upita tsiku limene anzako adzapite. Ndaona chikwama chako, kamasule. Ndipo valani majekete nonse, ndinalonjeza za laibulale."

Laibulale inali nyumba yaikulu yofunda, ya makapeti. Mayi wogwira ntchito mmenemo anamupatsa Falesi kakhadi ka alendo n'kumulozera kompyuta. Sanalipire kanthu. Anangomuuza kuti nthawi yake ikatha apereke mpata kwa ena, ndiponso kuti kutsitsa mafilimu n'koletsedwa.

"Zimenezo ndikuzidziwa bwino," anayankha Falesi, ndipo Lydia anaseka mpaka anthu anatembenuka.

Ndi chala chimodzi, Falesi analemba uthenga wopita kwa ahedi kuti akawawerengere makolo ake. Anawauza kuti ali bwino, kuti kumeneko dzuwa limachedwa kulowa, ndiponso kuti waona ng'ombe za ubweya wautali wophimba maso.

Potuluka anadutsa pa mashelefu odzaza madisiki a mafilimu, obwereka ngati mabuku. Falesi anaima n'kutembenukira kwa Mayi Helena.

"Amayi, nanga ndikagula ena oterewa m'sitolo, n'kuwapititsira amalume?"

"Wafunsa bwino. Ogula m'sitolo ndi oonera panyumba ndi abale ako. Kuonetsa anthu olipira pakhomo kumafuna chilolezo china. Amalume ako akafunse kwanu komweko kumene chimatengedwa."

Masiku otsalawo anayenda bwino. Lydia anamubwereka kamera yake, ndipo Falesi anajambula sukulu, msika, ng'ombe zija, ndi anzake a ku Ndunde akuphunzitsa ana achizungu kuvina. Zithunzi zimenezo ndi zimene zinalowa mu fulashi ija. Pa tsiku lotsanzikana, mphunzitsi wamkulu wa kumeneko analengeza kuti ubale wa sukulu ziwirizo upitirira, ndipo ana ena adzabweranso. Mayi Kalinde anamuyang'ana Falesi n'kugwedeza mutu pang'ono.

6. Pa Ndunde

Minibasi yochokera ku Limbe inafika pa Ndunde dzuwa lili pamutu. Linali tsiku la msika. Falesi asanatsike n'komwe anamva nthungululu za amayi ake. A Mathero anamulandira chikwama, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumwetulira.

"Wanenepa. Unakhala bwino kwa eni?"

"Ndinapunthwako kamodzi, abambo, koma sindinagwe. Ndikakufotokozerani zonse kunyumba."

"Chabwino. Bola wabwera ndi miyendo yako."

Anayamba kuyenda kudutsa pamsika, akupatsana moni ndi anthu. Atafika pafupi ndi nyumba ya kanema, anapeza anthu ataunjikana pakhomo, ana ndi akulu omwe, ena atakwera pa njinga zawo kuti aone bwino. Khoma linali litapakidwa laimu watsopano. Pakhomopo panaima bolodi lalikulu lolembedwa ndi choko:

LERO LERO! MAFILIMU ATSOPANO OCHOKERA KU ULAYA, OBWERA NDI FALESI MATHERO.

A Mathero anaima. Anawerenga bolodilo pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka, kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

Jenereta inali italira kale. A Vitalis anatuluka m'kachipinda kaja atavala malaya atsopano, akukankha anthu kuti apatuke.

"Mpatseni njira mphwanga! Wafika mwini wake!"

Anafika pamaso pa Falesi, anthu onse akuyang'ana, n'kutambasula dzanja kuti alandire fulashi ija.